Kujambula sikirini ya foni uli wosaona: njira iti imasunga mawu, iti imawataya

Munthu wosaona akamagwiritsa ntchito foni kapena tabuleti, ntchito yaikulu imachitikira m'makutu. VoiceOver pa iPhone ndi iPad, kapena TalkBack pa Android, ndi imene imamuuza pomwe chala chili, dzina la batani, komanso ngati tsamba latseguka. Ndiye vidiyo ya sikirini imene yagwira chithunzi chokha, mawuwo n'kutsala, yataya umboni wonse. Wopanga pulogalamu amene mwamutumizira kuti aone vuto adzangoona kabokosi kakudumphadumpha, osamva kuti pa batani lotumizira uthenga foni ikungoti "button" basi, dzina osatchula. Mnzanu wosaona amene mumafuna kumuphunzitsa ndiye sapindula kalikonse.

Malangizo ambiri a kajambulidwe ka sikirini amalembedwera anthu oona, ndipo amakamba za kukongola kwa chithunzi. Kwa ife funso lalikulu ndi lina: mawu a pulogalamu yowerenga sikirini akupita kuti? Akulowa mu vidiyo? Nanga pamene akulowamo, inuyo mukuwamvabe? Pali njira zimene zimakulolani kumva koma vidiyo n'kutuluka yopanda mawu, ndipo pali zina zimene zimatenga mawu onse bwinobwino koma foni n'kungoti zii m'manja mwanu.

Zodzifunsa musanasankhe

Yambani ndi amene adzaonere. Ngati ndi wopanga pulogalamu, pafunika chithunzi ndi mawu ziyendere limodzi. Ngati ndi wosaona mnzanu, chofunika ndi mawu omveka bwino, chithunzi chilibe naye ntchito. Ngati ndi mphunzitsi kapena kholo loona limene likufuna kudziwa kayendetsedwe ka zala, dziwani kuti palibe chojambulira cha m'kati mwa foni chimene chimaonetsa dzanja.

Kenako werengani mawu amene mukufuna. Alipo amitundu itatu: a pulogalamu yowerenga, anu ofotokozera, ndi a pulogalamu imene mukuonetsayo. Si njira zonse zimene zimatenga atatu onsewo nthawi imodzi.

Dzifunseninso ngati mungathe kuyambitsa, kuimitsa ndi kutsimikiza nokha kuti zajambulika, popanda kudikira maso a munthu wina. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa ubwino wa chithunzi, chifukwa njira yofuna wothandiza nthawi zonse imatha ndi kusiyidwa.

Pomaliza pali chinsinsi. Woona amaopa uthenga wongotulukira pamwamba pa sikirini. Ife vuto limawirikiza, chifukwa foni itha kuuwerenga mokweza, dzina la wotumiza ndi nkhani yake yomwe, zonse n'kulowa mu vidiyo.

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinayi: mtengo, kupezeka kwake, kasamalidwe, ndi zoopsa zake.

Zokonzekera zimene sizisintha

Chepetsani liwiro la mawu. Ambirife tinazolowera liwiro limene munthu wosazolowera samva ngakhale liwu limodzi. Pa iPhone mumasintha ndi rotor, mndandanda wa zosankha umene mumauyendetsa pozunguliza zala ziwiri pa sikirini, ndipo pa TalkBack mumasintha pa mndandanda wofanana nawo wotchedwa reading controls. Yatsani Do Not Disturb kuti mauthenga ndi mafoni obwera asakusokonezeni. Zimitsani Screen Curtain ya VoiceOver, yodetsa sikirini yonse, imene imayaka ndi kuzima mukagogoda katatu ndi zala zitatu, kapena Hide screen ya TalkBack, kuti woonera asadzakumane ndi mdima wokhawokha.

Ngati oonera ndi oona, yatsani mawu olembedwa. Pa iPhone ndi Caption Panel, imene ili mu Settings, Accessibility, VoiceOver, ndipo imalemba pansi pa sikirini chilichonse chimene VoiceOver yanena. Pa TalkBack ndi Display speech output, imene imapezeka mu Settings ya TalkBack yomweyo. Kachinthu aka kamapulumutsa mavidiyo ambiri, chifukwa ngakhale mawu atamveka mopanda mphamvu, woonera amawerenga yekha zimene zanenedwa.

Ndipo musanayambe phunziro lalitali, jambulani masekondi 10 kaye n'kumvetsera.

Njira 1: chojambulira cha m'kati mwa iPhone ndi iPad

Apple inaika chojambulira sikirini mu iOS 11 m'chaka cha 2017, ndipo batani lake limakhala mu Control Center. Ngati mulibe mumaliwonjezera nokha. Kuyambira iOS 18 mumachita zimenezi muli mu Control Center momwemo, pomwe kale zinkachitikira ku Settings. Kuti mutsegule Control Center ndi VoiceOver, khudzani mzere wa pamwamba penipeni pomwe pamakhala nthawi ndi batire, kenako kokani zala zitatu kupita m'mwamba. Mukagogoda kawiri pa Screen Recording, foni imadikira masekondi 3 n'kuyamba. Mukafuna kuti mawu anu alowenso, gogodani kawiri koma chala osachotsa mpaka patatseguka tsamba lokhala ndi batani la Microphone.

Ubwino waukulu wa njira imeneyi ndi wakuti mawu a VoiceOver amalowa mu vidiyo kudzera m'kati mwa foni, osadalira maikolofoni. Choncho ngati mukufotokozera, valani mahedifoni. Mukapanda kutero, maikolofoni imatolanso mawu a pa sipika, VoiceOver n'kumamveka kawiri ngati ikulankhulira m'chipinda chopanda katundu. Mahedifoni a chingwe amachita bwino kuposa a Bluetooth, amene nthawi zambiri maikolofoni yake imatsitsa ubwino wa mawu.

*Mtengo:* palibe chogula, kupatula mahedifoni ngati mulibe.

*Kupezeka kwake:* iPhone ndi iPad iliyonse yokhala ndi iOS 11 kapena yoposa pamenepo.

*Kasamalidwe:* mavidiyo amapita mu Photos ndipo amadya malo msanga. Ngati iCloud Photos ili yoyatsa, amakwezedwanso pa intaneti okha, data n'kumatha inu osadziwa. Koyambirira ndi kothera kwa vidiyo kumakhala phokoso la Control Center, ndiye pamafunika kudula.

*Zoopsa zake:* chizindikiro chakuti foni ikujambula ndi kachinthu kofiira pamwamba pa sikirini, kopangidwira maso. N'zotheka kuiwala, n'kutsegula mauthenga anu kapena pulogalamu ya banki foni ikujambulabe. Foni imakumbukiranso kuti ulendo watha maikolofoni inali yoyatsa, choncho fufuzani nthawi iliyonse musanayambe, kuti zokamba za m'nyumba zisalowe mu vidiyo ya ku ntchito.

Njira 2: chojambulira cha m'kati mwa Android

Apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa, ndipo vuto silikhala lawo. Chojambulira cha Google chinabwera mu Android 11 m'chaka cha 2020, ngakhale makampani monga Samsung ndi Xiaomi anali kale ndi zawo. Chimapezeka mu Quick Settings, imene ndi TalkBack mumaitsegula pokoka zala ziwiri kuchokera pamwamba kupita pansi, n'kubwerezanso. Chimakufunsani mawu amene mukufuna: Microphone, Device audio, kapena zonse ziwiri. Aliyense angaganize kuti Device audio ndiye yankho. Mumasankha, mumajambula phunziro lonse, TalkBack ikulankhula bwinobwino m'makutu mwanu. Poiseweretsa vidiyo ija mukumva nyimbo ya m'pulogalamu, koma TalkBack kulibe. Zili ngati kujambula mboni ikupereka umboni, milomo ikuyenda koma mawu osatuluka.

Chifukwa chake chili m'kamangidwe ka Android. Kuyambira Android 10 mu 2019, Google inalola kuti mawu a m'kati mwa foni azijambulidwa, koma inaika malire. Ololedwa ndi a nyimbo ndi mavidiyo, a magemu, ndi ena amene sanaikidwe m'gulu lililonse. Mawu a TalkBack ali m'gulu lakelake la zothandiza anthu olumala, limene lakhala ndi voliyumu yapayokha kuyambira Android 8. Gulu limeneli silili pa mndandanda wa ololedwa. Makampani ena amasintha chojambulira chawo, ndiye yesani pa foni yanu, koma musadabwe mukapeza chete.

Njira yozembera ndi kuchita zosemphana ndi za pa iPhone. Vulani mahedifoni, sankhani Microphone, kwezani voliyumu ya TalkBack, ndipo mulole maikolofoni itole mawu a pa sipika. Zimagwira ntchito, koma zimafuna chisamaliro. Pa mafoni ambiri sipika ndi maikolofoni zonse zili kumunsi, pomwe chikhatho chimagwira, ndipo mukatseka kabowo ka maikolofoni mawu amamira. Kugogoda kulikonse kwa chala kumamvekanso kuti gu, gu. Ikani foni pa nsalu yopinda pa tebulo, kumunsi kwake kukhale poyera, ndipo muzilankhula TalkBack ikamaliza, osati pamodzi nayo.

Pali zabwino ziwiri zimene iPhone ilibe. Show touches on screen imaika kadontho pomwe chala chakhudza, zomwe zimathandiza woonera woona. Ndipo mu Android 15 mutha kusankha kujambula pulogalamu imodzi yokha m'malo mwa sikirini yonse, mauthenga obwera pamwamba n'kutsala kunja kwa chithunzi.

*Mtengo:* ulere.

*Kupezeka kwake:* Android 11 kupita m'tsogolo, koma dzina la batani ndi zosankha zake zimasiyana malinga ndi kampani yopanga foni.

*Kasamalidwe:* foni ikalandira Android yatsopano, yesaninso, chifukwa zosankha zimasuntha. Muyeneranso kukhala ndi malo achete nthawi iliyonse.

*Zoopsa zake:* maikolofoni imatola chilichonse cha m'chipindamo. Popeza mukugwiritsa ntchito sipika, aliyense amene ali pafupi akumva zonse za m'foni mwanu. Mapulogalamu ambiri a banki ndi a mafilimu amatsekereza kujambula, ndiye chithunzi chimatuluka chakuda pamene inu mukumva zonse zikuyenda bwino.

Njira 3: mapulogalamu otsitsa pa intaneti

Pa Play Store pali ambiri, monga AZ Screen Recorder ndi XRecorder. Sindichedwapo, chifukwa pa vuto lathu lenileni sasintha kanthu. Amadutsa pakhomo lomwelo limene Android inatsegula, choncho malire a mawu a m'kati ndi omwewo.

*Mtengo:* ambiri ndi aulere poyamba, koma zina mwa zofunika amazitsekera olipira.

*Kupezeka kwake:* apa ndi pomwe amathandiza, pa mafoni akale amene alibe chojambulira chawo.

*Kasamalidwe:* amasintha maonekedwe pafupipafupi, ndipo batani limene lero lili ndi dzina mawa litha kukhala lopanda.

*Zoopsa zake:* ambiri a mtundu umenewu amayendetsedwa ndi kabatani koyandama pamwamba pa sikirini, kovuta kukapeza ndi TalkBack, ndiponso amakhala ndi zotsatsa malonda zovuta kutseka. Choopsa kwambiri n'chakuti mukupereka chilolezo choona sikirini yanu yonse kwa kampani ina. Ngati foni yanu ili ndi chojambulira chake, sindikuona chifukwa chochitira zimenezi.

Njira 4: kujambulira pa kompyuta

Iyi ndi njira yovutirapo poyamba, koma pa Android ndi imene imapereka mawu oyera a TalkBack. Ili ndi mbali ziwiri.

Wa iPhone amene ali ndi Mac amagwiritsa ntchito QuickTime Player, imene yakhala ikuchita zimenezi kuyambira OS X Yosemite ndi iOS 8 mu 2014. Mumalumikiza foni ndi chingwe, mumavomera pa foni kuti mukuikhulupirira kompyutayo, mumatsegula New Movie Recording, kenako mumasankha iPhone ngati kamera komanso ngati maikolofoni. Chimene chimachitika apa n'chofunika kuchidziwiratu. Mukangosankha, foni imasiya kulankhula. Mumayendetsa chala, palibe yankho, ndipo mtima umayamba kugunda poganiza kuti VoiceOver yazima. Sinazime. Mawu ake apita ku Mac, ndipo voliyumu ya pa windo lojambulira la QuickTime imayambira pansi penipeni. Ipezeni ndi VoiceOver ya pa Mac n'kuikweza, foni idzayamba kumvekera m'kompyuta. Popeza tsopano ma VoiceOver awiri akulankhulira pamalo amodzi, ndi bwino imodzi kuipatsa liwu losiyana kuti musasokonezeke. QuickTime imatenga gwero limodzi la mawu, ndiye mukasankha foni, kufotokozera kwanu sikulowa; kumafunika kukujambula padera. Imakonzanso mzere wa pamwamba kuti uzionetsa 9:41 ndi batire lodzaza, choncho ngati vuto limene mukuonetsa likukhudza nthawi yeniyeni, itchuleni pakamwa kapena muilembe.

Wa Android ali ndi scrcpy, pulogalamu yaulere ya kampani ya Genymobile, imene imayenda pa Windows, macOS ndi Linux. Kuyambira scrcpy 2.0 mu 2023, imatenganso mawu pa mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo, ndipo siidutsa pakhomo lopapatiza lija. Imatenga mawu onse otuluka m'foni, a TalkBack omwe, n'kuwatumiza ku kompyuta. Monga pa QuickTime, foni imakhala chete ndipo mumamvera pa kompyuta. Chimene ndimaikondera n'chakuti imayendetsedwa ndi malamulo olemba, zomwe kwa wogwiritsa ntchito pulogalamu yowerenga sikirini ya pa kompyuta, monga NVDA, JAWS, VoiceOver kapena Orca, ndi zosavuta kuposa kusakasaka mabatani opanda mayina. Mukalemba scrcpy --record=phunziro.mkv kujambula kwayamba, ndipo Ctrl+C imaimitsa. Ndasankha mkv dala, chifukwa chingwe chikasolotoka pakati, fayilo ya mkv nthawi zambiri imatsegukabe pomwe ya mp4 itha kuwonongeka yonse.

Kuti scrcpy igwire ntchito, muyenera kuyatsa USB debugging, chilolezo chakuti kompyuta iziyendetsa foni kudzera pa chingwe, chimene chili mu Developer options. Pitani ku About phone, pezani Build number n'kuidina maulendo 7, ndipo Developer options idzaoneka mu Settings. Mukalumikiza chingwe, foni imafunsa ngati mukuilola kompyutayo.

Ofuna kuphatikiza mawu a foni ndi awo nthawi imodzi amawonjezera OBS Studio, pulogalamu yojambulira ya pa kompyuta, yaulerenso, imene imatha kusunga gwero lililonse la mawu panjira yakeyake kuti mudzakonze pambuyo. Mbali zake zambiri zimafikika ndi kiyibodi ndipo mutha kuika mabatani achidule oyambira ndi kuimitsira, koma kuika chithunzi pamalo oyenera ndi ntchito ya maso. Ctrl+F imachikwanitsa pa sikirini, komabe tsiku loyamba pemphani woona atsimikize. Zikakhala bwino kamodzi, OBS imazisunga.

*Mtengo:* mapulogalamu onse atatu ndi aulere. Mtengo weniweni ndi kompyuta. Wa iPhone amene ali ndi Windows alibe QuickTime yochita zimenezi, ndipo mapulogalamu olandirira AirPlay, njira ya Apple yotumizira sikirini popanda chingwe, monga Reflector ndi AirServer ndi olipira komanso amadalira Wi-Fi yabwino.

*Kupezeka kwake:* pamafunika chingwe chonyamula data. Zingwe zambiri zotchipa ndi zotchajira basi, ndipo pozigwira simungazisiyanitse. Kompyuta ikapanda kuiona foni, yambani mwasintha chingwe musanakayikire china chilichonse.

*Kasamalidwe:* scrcpy imafuna kuikonzanso Android yatsopano ikatuluka, ndipo makompyuta ena a Windows amafuna driver ya foniyo. Sungani lamulo lanu m'kafayilo kuti musamalembe mwatsopano.

*Zoopsa zake:* mawu amachedwa pang'ono kufika ku kompyuta, zomwe zimasokoneza ozolowera kuthamanga. Kompyuta ikakhala kuti voliyumu yake ndi yotseka, mumatsala opanda wokuwerengerani mpaka mutachotsa chingwe. USB debugging muziizimitsa mukamaliza, chifukwa ndi khomo lolowera m'foni, ndipo mapulogalamu ena a banki amakana kutseguka Developer options ikakhala yoyatsa.

Njira 5: kugawana sikirini pa Zoom

Mumayambitsa msonkhano pa kompyuta, mumalowa ndi foni, mumagawana sikirini ya foniyo, kompyuta n'kumajambula. Kapena mnzanu wakutali ndi amene amajambula kwake. Phindu lake ndi munthuyo. Amakuuzani pomwepo kuti chithunzi chada, kapena kuti batani limene mukulisakalo lili pakona koma pulogalamu yowerenga ikulidumpha. Kwa wopanga pulogalamu, kuonera vuto likuchitika n'kumafunsa mafunso kumaposa vidiyo yotumizidwa.

*Mtengo:* kujambulira pa kompyuta kumatheka ndi akaunti yaulere, koma msonkhano umatha pa mphindi 40. Kujambula kuchokera pa foni yokha kumafuna akaunti yolipira.

*Kupezeka kwake:* pamafunika intaneti yolimba mbali zonse.

*Kasamalidwe:* n'zochepa, kupatula kugwirizana nthawi ndi munthu.

*Zoopsa zake:* mapulogalamu a misonkhano amapangidwa kuti azichotsa phokoso ndi mawu obwerera kuchokera pa sipika, ndiye atha kudula mawu a pulogalamu yowerenga powayesa phokoso. Apa Caption Panel kapena Display speech output ndi zosasiyika. Foni ndi kompyuta zikakhala m'chipinda chimodzi, tsekani mawu a chimodzi kuti zisalire. Kumbukiraninso kuti chimene chaoneka chaoneka, simungachidule munthu atachiona kale.

Njira 6: HDMI ndi capture card

Foni imalumikizidwa ku adaputa ya HDMI, mtundu wa chingwe chonyamula chithunzi ndi mawu ngati cha pa TV, adaputayo ku capture card, kachipangizo kolandira chithunzicho n'kuchipereka ku kompyuta, ndipo kompyuta imaona foni ngati kamera. VoiceOver ili ndi batani la Send to HDMI mu gawo la Audio, lotumizira mawu ake kumeneko.

*Mtengo:* ndi yodula kuposa zonse, chifukwa pafunika adaputa, capture card, zingwe ndi kompyuta.

*Kupezeka kwake:* si foni iliyonse ya USB-C imene imatulutsa chithunzi. Mafoni ambiri otchipa a Android satero, ndiye fufuzani za foni yanu musanagule kanthu.

*Kasamalidwe:* zingwe zimachuluka. Zimatireni zizindikiro zogwirika kuti muzidziwa cholowa ndi chotuluka.

*Zoopsa zake:* zida zimenezi zimanena za vuto ndi timagetsi, osati ndi mawu. Mafilimu otetezedwa amatulukabe akuda.

Njira 7: kamera yachiwiri, kapena mawu okhaokha

Izi ziwiri sizijambula sikirini m'kati, koma nthawi zina ndi zimene zimayankha funso lenileni. Foni ina itaikidwa pa choimikira pamwamba pa tebulo imaonetsa dzanja: momwe zala ziwiri zimazungulira pa rotor, momwe chala chimafufuzira kiyibodi chisanadine. Woona amene sanagwirepo VoiceOver amamvetsa m'mphindi imodzi zimene mawu sangafotokoze. Apa kuwala kwa sikirini kumafunika. Ambirife timakutsitsa mpaka pansi kuti batire lichedwe kutha, zomwe sizikhudza zojambulira za m'kati, koma kamera imangoona galasi lakuda.

Kujambula mawu okha ndiyo njira imene osaona akhala akuphunzitsirana kwa zaka zambiri, ndipo ndikuona kuti anthu amaiderera popanda chifukwa. Mawu a foni amadutsa pa chingwe kupita ku mixer, chipangizo chophatikizira mawu, kapena chojambulira mawu, anu amalowa pa maikolofoni, ndipo mumamva zonse m'mahedifoni pamene zikujambulidwa. Palibe chimene mukuganizira kuti mwina chalowa kapena ayi. Kukonza kwake kumachitika ndi pulogalamu ya pa kompyuta ya Audacity, kapena REAPER yowonjezeredwa OSARA yoithandiza kugwirizana ndi pulogalamu yowerenga sikirini, imene akatswiri ambiri osaona a zamawu amagwiritsa ntchito.

*Mtengo:* choimikira kamera n'chotchipa ngati foni yachiwiri ilipo. Mixer ndi maikolofoni zimadula, koma poyambira foni yachiwiri itaikidwa pafupi ndi sipika imakwana. Audacity ndi OSARA ndi zaulere, REAPER ndi yolipira.

*Kupezeka kwake:* zimagwira pa foni iliyonse, yakale kapena yatsopano, ngakhale pa mapulogalamu otsekereza kujambula. Mafoni opanda kabowo ka mahedifoni amafuna adaputa.

*Kasamalidwe:* woona akakuthandizani kulunjikitsa kamera, matani tepi pa tebulo mozungulira pomwe foni ikhale, kuti ulendo wina muziikapo nokha.

*Zoopsa zake:* kamera imaona chilichonse, pasiwedi imene mukulemba yomwe, ndi zonse zili pa tebulo. Kunyezimira kwa getsi pa galasi simungakudziwe nokha.

Kutsimikiza musanatumize

Mvetserani vidiyo yonse, osati koyambirira kokha, ndipo tcherani khutu pa mayina, manambala a foni ndi zilembo za pasiwedi. Chithunzi chitha kubisa pasiwedi pomwe mawu atchula chilembo chilichonse chimene chala chinadutsapo pa kiyibodi. Chabwino ndi kulowa mu akaunti musanayambe kujambula. Za chithunzi, imitsani vidiyo pamalo awiri kapena atatu, tengani screenshot, n'kuipereka kwa pulogalamu yofotokozera osaona zithunzi, monga Seeing AI ya Microsoft kapena Be My Eyes, kuti ikuuzeni chomwe chilipo. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document, chifukwa ikapita ngati vidiyo wamba imapanikizidwa ndipo zilembo zing'onozing'ono za Caption Panel zimafufutika.

Njira iti kwa ndani

Ngati muli ndi iPhone kapena iPad ndipo mukufuna kuonetsa vuto kapena kupanga phunziro lalifupi, musapite kutali. Chojambulira cha m'kati, mahedifoni a chingwe ndi Caption Panel zakwana. QuickTime ikhale ya mavidiyo aatali amene angadzaze foni.

Ngati muli pa Android ndipo vuto lachitika pompano, mukufuna kulitumiza lero lomwe, gwiritsani ntchito chojambulira cha m'kati ndi Microphone, mahedifoni mutavula, Display speech output itayatsidwa. Mawu sakhala okongola koma umboni ukhalapo. Ngati ndi ntchito imene muzichita kawirikawiri, monga kuyesa mapulogalamu kapena kupanga maphunziro, perekani tsiku limodzi kuphunzira scrcpy, kenako muwonjezere OBS Studio mukafuna kufotokozera pomwepo.

Foni yakale yopanda chojambulira ndi pokhapo pomwe ndingavomereze pulogalamu yotsitsa, ndipo muichotse ntchito ikatha. Vuto lovuta kulifotokoza, lofuna kuti wopanga pulogalamu azifunsa mafunso, lipite pa Zoom. HDMI ndi capture card zisiyireni amene amaphunzitsa pagulu kapena kuulutsa pompopompo, amenenso ali ndi wina wowaonera chithunzi.

Pophunzitsa woona kayendetsedwe ka zala, imikani kamera pamwamba pa dzanja n'kukweza kuwala kwa sikirini. Pophunzitsa wosaona mnzanu, siyani vidiyo, jambulani mawu okha, muchepetse liwiro pang'ono, ndipo muzitchula chimene zala zanu zikuchita musanachichite.